Adaputa Yopanda Phokoso

Telala atalumikiza adaputa yatsopano yamagetsi ku kaampulifaya kake kokwezera mawu, phokoso lija linatheratu.

Maikolofoni anaiika kuchipinda, pafupi ndi bedi la amayi ake odwala, kuti azimva akamuitana iye akusoka. Koma adaputa yakale inkalira ngati njuchi, n'kumameza mawu awo. Wokonza mawailesi atamuonetsa zatsopano ziwiri, Telala anasankha yamphamvuyo.

"Ndi iyi, asisi, muzimva ngakhale kupuma kwawo," anatero wokonzayo.

Sananame. Telala anamva supuni ikugunda kapu, kenako amayi akunong'oneza achimwene ake, aja obwera kamodzi pachaka.

"Nyumbayi ndakusiyira iwe. Mlongo wakoyu usamuuze, angaleke kundisambitsa."

Telala anayang'ana diresi la amayi limene ankalibweza m'chiuno, singano ikadali pansalu.

Sipika inaitana, mawu omveka bwinobwino: "Mwananga, madzi aja afunda?"