Bilimankhwe, Chule ndi Ngumbi za Mvula Yoyamba

Padangokhala, nanu tikhale tonse, Bilimankhwe ndi Chule, oyandikana nyumba kuseri kwa chulu. Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinayamba kutuluka, ndipo awiriwa anapangana mpikisano: wodya zochepa adzasesa pakhomo pa mnzake dzinja lonse.

Chule anayamba kumeza nthawi yomweyo. Bilimankhwe anakweza mwendo, n'kuubweza.

"Nanga kabawi akabwera? Nanga nthambiyi ikathyoka? Nanga ngumbizi zikanditsegula m'mimba ngati chaka chatha?"

Diso lina linali kumwamba, lina kumbuyo, thupi lonse litada bii ndi nkhawa.

"Achimwene," anatero Chule, mapiko a ngumbi ali mbwee kukamwa, "mwa zonse mwatchulazi, chafika n'chiti?"

"Palibe, koma zikhoza kufika."

"Ngumbi zafika kale, ndipo sizidikira munthu. Maso anu amayenda lililonse palokha. Limodzi lipatseni kabawi, linalo libwere kuntchito."

Bilimankhwe anayesa. Lilime lake lalitali lija linatola ngumbi, kenaka ina, kenaka inanso, mpaka thupi linabiriwira. Posakhalitsa diso lolondera lija linaonadi mthunzi ukutsika.

"A Chule, m'dzenje!"

Chule anadumphira m'dzenje, Bilimankhwe anasanduka tsamba, kabawi n'kufumbata matope okhaokha.

Ngumbi zambiri anadya Chule, komabe m'mawa mwake anatenga yekha tsache kukasesa kwa mnzake amene anamupulumutsa.

"Mwasiya masamba pakona apo," anatero Bilimankhwe. "Nanga njoka ikabisalamo? Nanga..."

"Diso limodzi, achimwene! Linalo likaone ngati ngumbi zatulukanso."

Nthano yathera patsache pomwepo.