Masamba Asanu pa Tsiku

Loweruka limenelo a Kaliati anafika pakhonde la sitolo ya a Wahabu atavala tayi. Pa Migowi mu 1953 munthu sankavala tayi popanda ukwati kapena mlandu, koma mphunzitsiyu anali ndi chifukwa chake. Mlimi wina, a Sitima, anali atalonjeza kuti lero amaliza buku limene anawabwereka.

Pakhondepo ankakumanapo anthu okonda kuwerenga, Loweruka lililonse masana, aliyense ndi kawerengedwe kake. A Wahabu, omwe anali telala, ankatsamiritsa buku pamakina n'kumawerenga uku akupalasa, moti tsiku lina anasoka buluku la mwendo umodzi waufupi. Mayi Ennie, anamwino, ankayambira kumapeto kuti aone ngati mukufa munthu. Ankati maliro a kuntchito akuwakwanira. Mabuku ankabwerekana ngati mchere, ndipo ankatsutsana mpaka ogula kuiwala chomwe adzera.

Koma panali buku limodzi lomwe linawakanika onse. Linali la a Kaliati, lachingerezi, lonenepa ngati njerwa, la masamba opyapyala ngati khoko la anyezi. Linkasimba za anthu oyenda panyanja zikuluzikulu. Analilandira ngati mphoto pomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo analiwerenga kasanu ndi kawiri. Mathero ake ankawaliza nthawi zonse. Chowawa n'chakuti analibe wolira naye. A Wahabu anagona asanafike tsamba lakhumi. Mayi Ennie anasuzumira kumapeto n'kulibweza tsiku lomwelo. Zaka khumi ndi ziwiri a Kaliati ankafunafuna munthu mmodzi yekha woti akambirane naye mathero amenewo, osamupeza.

Kenako kunatulukira a Sitima, mlimi wa ku Nkhulambe amene anakhalitsa ku Halale akuphikira azungu. Anabwera kudzaikitsa chigamba pajekete. Podikira anaona bukulo pabenchi, analitsegula, n'kugwira tsamba limodzi pakati pa zala ziwiri, mwaulemu ngati akugwira khanda.

"Masamba abwino awa, aphunzitsi," anatero. "Ngakhale ku Halale sindinawaone otere. Simungandigaireko?"

Mtima wa a Kaliati unadumpha. "Tengani lonse!"

"Lonseli?"

"Lonse. Koma mulimalize, achimwene. Musalisiyire panjira ngati anzangawa."

A Sitima anawomba m'manja, analikulunga m'nsalu, n'kulimangirira panjinga.

Kuyambira pamenepo ankaima pakhondepo Loweruka lililonse pochokera kumsika, kudzanena pomwe afika.

"Asanu pa tsiku, aphunzitsi. Awiri m'mawa, limodzi ndikangodya, awiri madzulo. Sindiphonya."

"Silikukuvutani?"

"Poyamba linkandizunguza mutu. Koma pano ndalizolowera. Limafika pachifuwa penipeni."

A Kaliati ankatembenukira anzawo aja maso ali gwa. "Mwamva? Kukonda buku n'kumeneku. Munthu wa khasu, koma wakusiyani kutali inu ophunzira."

Mayi Ennie ankangokoka milomo. A Wahabu ankapalasa makina mwamphamvu kuti asamve. Kangapo konse a Kaliati anafuna kufunsa za munthu wakuti kapena ngalawa yakuti, koma ankadziluma lilime. Ankaopa kuululira mnzawo za kutsogolo n'kumuonongera kukoma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankadziuza choncho. Miyezi isanu ndi umodzi anadekha, ndipo kudekha kwawo kunaonekera ngakhale kwa ana a sukulu, omwe anadabwa kuona aphunzitsi akuimba mluzu.

Tsono tsiku linali lakwana. A Kaliati anagula zitumbuwa mbale yonse, anauza a Wahabu kuti atereke tiyi, ndipo m'thumba la malaya anali ndi kapepala ka mafunso khumi ndi limodzi. Ankadzuka, kuyang'ana kumsewu, kukhala, kudzukanso. Kunena zoona, anali ndi mantha. Bwanji ngati a Sitima afika kumapeto kuja osamva kanthu? Bwanji ngati angoti, "Eee, linali bwino," basi?

Belu la njinga linalira. A Sitima anatsika akumwetulira, nkhope ili yowala ngati munthu amene wamaliza kukolola. Anapereka moni kwa onse, mmodzimmodzi, mpaka kufunsa za ana ndi mbuzi. A Kaliati anatsala pang'ono kuphulika.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza, aphunzitsi. Mawu anu sindinawataye."

"Ndipo?"

"Chinthu chokoma chotere sindidzachipezanso. Dzulo ndinakhala pansi n'kumva chisoni kuti chatha."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Kaliati. Zaka khumi ndi ziwiri! Anagwira dzanja la a Sitima n'kuligwedeza osafuna kulisiya. A Sitima nawo anakhudzidwa. Anapisa m'thumba, anatulutsa ndudu yopichira bwino ya fodya wa m'munda mwawo, anaipereka ndi manja awiri, n'kuyatsa machesi. A Kaliati sanali wosuta kwenikweni, koma lero linali tsiku la chikondwerero. Anakoka, anatsokomola, anakokanso mpaka inafika pakati. Kenako anawongola tayi, anatambasula kapepala ka mafunso, n'kuyang'ana a Wahabu ndi Mayi Ennie kuti atchere khutu aphunzirepo.

"Tsono, achimwene, tiuzeni tonse pano. Tsamba lomaliza lija mwaliona bwanji?"

A Sitima anamasula nsalu, anatulutsa chikuto chokhachokha, chopanda kanthu m'kati, n'kuchiika pabenchi mosamala.

"Ine ndingalidziwe bwanji, aphunzitsi? Lomalizalo ndinasungira eni ake. Ndi limene mukusutalo."