Malaya a Dzinkambani

Chibwerere lamulo latsopano, aliyense m'mudzimo ankavala malaya oyera a boma, omvera thupi la mwiniwake yekha. Khungu likangoyamba kutulutsa timadzi toyabwitsa ta matenda a zidzolo, nsaluyo inkafiira, ndipo galimoto ya azaumoyo inkabwera kudzamutenga munthuyo. Dzinkambani, mwana wachisamba wa Nankhoma, anapita motero chaka chatha. Anamuvula malaya pakhomo pomwepo, kenaka kunabwera uthenga woti wamwalira.

Tsopano zidzolo zinali zitamugwira mlongo wake, Siyeni. Nankhoma ankamudzoza mafuta a nsatsi, kumuwenga zikhadabo, n'kumuveka malaya a malemuwo, poti a wakufa safiira.

M'mawa wina Siyeni anabwera kuchokera kuchingwe choyanikira zovala chimanjamanja.

"Amayi, malaya a achimwene afiira."

"Ndi katondo ameneyo, kachapenso."

"Ndachapa, sakuchoka."

Nankhoma anatuluka. Malayawo anali lende pachingwe, mopanda munthu, kufiirako kukufalikira pang'onopang'ono m'khosi, pamalo pomwe Dzinkambani ankadzikanda mpaka magazi. Komatu malaya a wakufa safiira.

Kumsewu kunamveka galimoto ija.

"Nanga ndivale chiyani, amayi?"

Nankhoma sanamumve. Ankasisita kolala yonyowayo, akunong'ona: "Usakande, mwanawe. Usakande."