Mbaula ya Mainess

Msomali woyamba utaboola paipi ya makina ake oonera nyenyezi, Edwell anayang'ana kumbali. Wokhoma zitini wa ku Kalingalinga ankaisandutsa mbaula.

Kuyambira kale, asanachotsedwe ntchito, Edwell ankalondola nyenyezi imodzi yaikulu, yozungulira ngati nguli, imene imazilala kwa zaka zambiri kenako n'kuwalanso.

"Amake Sophia, chaka chino izawala futi," anauza mkazi wake, Mainess, motsitsa mawu. "Sembe tayembekezako pang'ono."

Mainess anatula pansi thumba la chimanga choti akaotche kumsewu, napukuta thukuta ndi chitenje.

"Na nchito munakamba so, ati izabwela." Anatembenukira kwa wokhoma zitini uja. "Ba mdala, onjezani mabowo. Iyi yeve izawala lelo."