Foni Yogwira Kumwamba Kokha

Masitepe analiranso. Kulusumu sanachite kutembenuka, phazi la amuna ake ankalidziwa bwino. Tiyi amene anawathirira anali akufukabe nthunzi patebulo, chitumbuwa atangochiluma kamodzi.

"Bambo a Rahma, kodi lero si tsiku langa?"

"Ndikubwera, amayi. Netiweki," anayankha a Swaibu ali kale pakati pa masitepe.

Mawu achilendowo analowa m'nyumbamo m'chaka cha 2000, pamodzi ndi foni yam'manja yonenepa ngati chinangwa cha ku Chia. A Swaibu ankagula mpunga ku Malengachanzi n'kumakaugulitsa ku Lilongwe, ndipo anali m'gulu la anthu oyamba kukhala ndi foni yotere ku Nkhotakota. Nyumba yawonso inkadziwika, chifukwa m'dera lawolo yosanja inali yokhayo. Pansi pankakhala Kulusumu, mkazi wamkulu, amene anayamba nawo banja denga lili laudzu. Kumwamba anaikako Nasra, wamng'ono, amene anabwera penti atauma kale.

Zaka ziwiri za mitala Kulusumu anapirira, poti masiku ankagawidwa mwachilungamo, awiri pansi, awiri kumwamba. Foni ija ndiyo inasokoneza zonse. Pansi inkangokhala chete ngati mwala. Inkagwira pamalo amodzi okha, pawindo la kuchipinda kwa Nasra.

Ndiye a Swaibu ankakwera m'mawa. Akabwera kumzikiti masana, ankakweranso. Chitseko chinkatsekedwa, ndipo kudzera m'matabwa a pamwamba pa mutu wake Kulusumu ankamva kuseka. Mawu sankamveka, koma kasekedweko ankakadziwa. Ndi kamene bambo ameneyu ankaseka kalekale pomuperekeza kuchitsime.

"Mpunga wanji woseketsa chonchi?" ankadzifunsa, mtima ukutentha ngati wameza tsabola.

Kenaka Nasra anayamba kutsika maso ali olemera. Chakudya ankangochitosa. Kulusumu, amene anangobereka Rahma yekha, sanafunse munthu. Anangoti ndi pakati basi, ndipo mwina adzakhala mwana wamwamuna. Kuyambira tsiku limenelo moni wa mkazi mnzakeyo anasiya kuyankha.

Tsiku lina Nasra anaima pakhomo la khitchini akupotokola nsonga ya mpango wake.

"Amayi a Rahma, ndimafuna tikambirane."

"Kakambirane ndi netiweki yakoyo," anatero Kulusumu, osadzutsa nkhope.

Mawa lake anapita kumsika, kwa a Layson okonza mawayilesi. Anadikira mpaka makasitomala atachoka.

"A Layson, kodi chinthu chimene foni imagwira kumwambachi sichingatsike?"

Bamboyo anaseka mpaka kuvula magalasi. "Chimatsika, mayi. Madzi amatsika m'paipi, ichinso chimatsika m'waya. Pangofunika mtengo wautali ndi eriyo."

Kulusumu anawapatsa thumba la mpunga wa faya wa m'munda mwake, umene ankasungira Idi. Anaupereka osawiringula n'komwe.

Ankaopa kuti amuna ake akana, koma a Swaibu anangogwedeza mutu. "Mwaganiza bwino, amayi. Mawondo angawa atopa ndi masitepe."

Loweruka a Layson anafika ndi nsungwi ziwiri zazitali, nazilumikiza ndi mphira. Pansonga anamangapo eriyo yooneka ngati minga ya chambo. Mwera unali ukuwomba, ndipo ulendo woyamba mtengowo unagwa n'kuphwanya mphika wa madzi. Anthu oyandikana nawo anasonkhana kumpanda, ena akuti boma la matipate labweretsa misala. Kulusumu anakwinya chitenje, nagwira nawo chingwe mpaka zikhatho zinatuluka matuza. Waya unadutsa pawindo la pansi n'kufika pambali pa mpando wa ndalema wa a Swaibu, ndipo a Layson anausomeka kumsana kwa foni.

"Tembenuzani pang'ono! Kumanja! Basi, pomwepo!" anafuula a Layson.

Pagalasi la foniyo panaoneka kamzere kamodzi. Kenaka tiwiri. Kenaka tinayi, kuposa kumwamba kumene tinkangofika tiwiri. Kulusumu analuluta. Atakweza maso anaona Nasra ali pawindo lake lija akuyang'ana, ndipo anamumwetulira koyamba pa miyezi inayi, kumwetulira kwa munthu amene wapambana mlandu.

Lamulungu linali tsiku la Nasra, koma a Swaibu anatsika m'mawa n'kudzakhala pampando wa pansi. Kulusumu anavala chitenje chatsopano, anafukiza ubani, nathira mkaka wambiri m'tiyi. Anakhala pamkeka pafupi ndi mapazi awo, mtima uli m'malo.

Foni inalira. A Swaibu atangoiyang'ana, nkhope yawo inawala.

"Amayi, tatulukani kaye pang'ono. Mukoke chitseko."

Anatuluka akudziuza kuti ndi nkhani za malonda. Pabwalo anapeza Nasra atakhala pamtondo akusankha mpunga m'lichero. Kulusumu anafuna kumudutsa, koma anaima, chifukwa m'nyumbamo munayamba kumveka kuseka kuja, komwe kuja, Nasra ali pamaso pake pomwepo.

"Akutulutsani inunso?" anafunsa Nasra mofatsa. "Ine miyezi inayi ndakhala ndikuima pakhonde lakumwambalo. Amene amaseka naye pafoniyo dzina lake ndi Zelifa, wa ku Salima, ndipo nikaha, ukwati wawo, ndi mwezi wamawa. Anamulonjeza kuti adzakhala kumene foni ikugwira bwino." Anapeta mpunga uja kamodzi. "Zikomo kwambiri, amayi a Rahma. Ine nkhawa yandichoka."