Tambula ya Mowa wa m'Galaja

Zakeyu anaiyang'ana tambulayo osaigwira. Mowawo unali wakuda bii, thovu lili pamwamba. Bwana Frederick anaufulula okha m'galaja mwawo ku Benoni, ndipo anamuitana kuchokera kumaluwa kuti adzalawe. Zaka zonse zimene anagwira ntchito pakhomopo, Zakeyu ankamwera tiyi m'chitini cha jamu kuseri kwa nyumba.

"Ukukana?" anafunsa bwanayo.

"Ayi, bwana. Kwathu wofulula amayamba walawa yekha, kenako n'kupatsa mlendo."

 A Frederick anakweza tambulayo, n'kumwako, n'kumupatsa yomweyo, thovu lili kundevu.

Zakeyu anamwa n'kukwinya nkhope. Pambuyo pa kuwawako panabwera kafungo ka chimera chokazinga.

"Ukuwawa eti?"

"Ukuwawa ndithu, bwana," anayankha Zakeyu, koma tambulayo sanaibweze.