Mphete ya Hiwot

Yodit anakhoma chitseko, n'kutsamiritsa ambulera kukhoma. Mvula ya mu Julayi inali itazizitsa Addis Ababa yense, ndipo m'nyumba ya malemu mng'ono wake Hiwot munali zii ngati m'phanga.

Panali patatha masiku makumi anayi chimuikireni Hiwot m'manda. Apolisi anam'peza ali kwala m'khitchini, khosi lili ndi mikwingwirima. Mwamuna wake Wondwossen sanaonekenso. Anthu a pamalopo ankati anathawira ku Sudan, ndipo banja lonse linakhulupirira. Tsopano mwini nyumba ankafuna makiyi ake, Yodit n'kubwera kudzalongedza katundu.

Atalowa pabalaza anaima chilili. Patebulo, pafupi ndi tikapu ta khofi todzaza fumbi, panali mphete.

Anaizindikira pomwepo, poti anakaigula limodzi ndi Hiwot kumsika wa Merkato, pa mabiri makumi asanu, ndalama za kumeneko. Inali ya mwala wosintha mtundu, ndipo inabwera ndi kapepala kofotokoza: buluu ndi mtendere, chikasu ndi nkhawa, kuda ndi mantha. Chaka chomaliza chija, pachala cha Hiwot inkangokhala bii. Yodit akafunsa, Hiwot ankaseka n'kubisa dzanja m'thumba. Posambitsa thupi anaifuna, koma sanaipeze.

Lero mwalawo unali buluu wowala.

Yodit anagwada, manja ali pachifuwa, osalimba mtima kuikhudza. Misozi inatsika yokha. Masiku onsewa ankadziimba mlandu kuti anaona kuda kuja koma anakhala chete. Ndiye lero, tsiku la makumi anayi lenileni, Hiwot wabwera kudzamuuza kuti kumene ali wapuma. Zikanakhalanso chiyani?

Anaimbira foni mchimwene wake Ephrem, amene amagulitsa mankhwala ku Piassa.

"Achimwene, Hiwot wandilankhula."

"Iwe, wadya m'mawa uno?"

"Musandiseke. Ndapeza mphete yake ija. Ili buluu! Akuti ali pamtendere."

Ephrem anausa moyo. "Mlongo wanga, kachidole ka ana asukulu kameneko? Kalibe mzimu, sikadziwa mtima wa munthu. Kamangotsata kutentha basi. Kakakhala padzanja lofunda kamachita buluu. Ukakavula n'kukaika pansi, m'nyengo yozizira ino sipatha mphindi ziwiri kada."

"Inu zonse mumafuna mayeso a kusukulu."

"Chabwino, yesa wekha. Kavule uone."

Yodit anayang'ananso patebulo. Buluu uja anali akuzilala. M'mphepete mwa mwala munayamba kubiriwira, kenaka chikasu, kenaka kuda kunalowerera pang'onopang'ono mpaka pakati.

"Yodit? Wavula?"

"Sindinavale," ananong'ona. "Sindinaikhudze n'komwe. Ndangolowa kumene."

Mvula inkagunda malata. Pamene Ephrem analankhulanso, nthabwala zonse zinali zitatha m'mawu ake.

"Uli ndi ndani m'nyumbamo?"

"Ndekha. Ndakhoma chitseko."

"Usayang'ane kumbuyo, usathamange. Pita kukhomo, tsekula, utuluke. Ndikuimbira apolisi."

Yodit anaimirira. Kuti afike kukhomo anayenera kudutsa pa chitseko cha kuchipinda. Chitsekocho chinatseguka iye asanaponde phazi lachiwiri.

"Alamu," anatero Wondwossen mofatsa, "bwezi mutagogoda."